Chigubu Chimwa Mphepo: Zofunika pa Ndakatulo Yabwino, Poona Zolemba za Achinyamata a ku Ng'ombe, Lusaka

Mawu Oyamba

Komboni ya Ng'ombe ili kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, moyandikana ndi Roma ndi Kalundu, ndipo munthu woyenda pansi kuchokera ku Yunivesite ya Zambia amafikako asanatope. Ambiri mwa anthu ake amalawirira kukagwira ntchito za m'nyumba, za m'dimba ndi za ulonda kumayadi, ena amagulitsa makala, ndiwo ndi salaula. Chiyankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku ndi Chinyanja cha m'tauni, chomwe chimamvekanso ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Cholinga cha nkhani ino ndi kuyankha funso lomwe achinyamata ena a m'komboniyi adatifunsa atatipatsa makope awo a ndakatulo kuti tiwerenge. Funso lawo lidali lakuti: kodi zimene talembazi ndi ndakatulo, nanga ngati si ndakatulo chikusowa n'chiyani?

Mayina a alakatuliwa sitiwatchula, ndipo mizere yawo taisiya monga momwe adailembera, osakonza kalembedwe. Tikudziwa kuti ku Zambia malamulo a kalembedwe omwe Unduna wa Maphunziro udavomereza mu 1977 amalemba Cinyanja pomwe ku Malawi amalemba Chinyanja kapena Chichewa. Achinyamatawa satsata malamulo a uku kapena a uko, amalemba chomwe khutu lawo lamva. Pa nkhani ya ndakatulo, khalidwe limeneli lili ndi ubwino wake, monga tionere kutsogoloku.

Kufanana kwa Mawu Kumapeto kwa Mizere

Chinthu choyamba chomwe tidaona m'makopewo ndi chikhulupiriro chakuti ndakatulo ndi mizere yothera ndi liwu lofanana. Mnyamata wina adalemba motere:

Moyo ndi wovuta,
Anthu akuvutika,
Chikondi chatha,
Dziko lasokonezeka.

Iye adanyadira kuti mizere yonse inayi yathera ndi -a. Koma m'chiyankhulo chathu zimenezi si luso. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, mawu ake onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera ndi -a. Munthu wofunsa mtengo wa tomato pamsika akhoza kufananitsa mawu kumapeto kwa ziganizo zake osazindikira n'komwe. M'Chingerezi mawu amathera mosiyanasiyana, kotero kuti kupeza awiri ogwirizana ndi ntchito, ndipo womvera amamva kukoma kwa ntchitoyo. Kwa ife ndi chinthu chotola pansi.

Chizolowezichi chidalowa kudzera m'makomo awiri. Khomo loyamba ndi nyimbo za m'tchalitchi. Amishoni, monga a Dutch Reformed omwe adafika ku Magwero mu 1899, adamasulira nyimbo zawo ndi kuthinitsa mawu a Chinyanja m'mayimbidwe a ku Ulaya, mpaka kumadula malembo a liwu kuti mzere ukwane. Khomo lachiwiri ndi sukulu. Kuyambira mu 1966 lamulo la maphunziro ku Zambia lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba, ndipo mibadwo ingapo idakumana ndi ndakatulo yolembedwa m'Chingerezi isanaone ya m'chiyankhulo chawo. Mabuku a ndakatulo za Chichewa adalipo ndithu: E.J. Chadza adatulutsa lake mu 1963, ndipo Enoch Mvula adasonkhanitsa ndakatulo za alembi osiyanasiyana m'buku la Akoma Akagonera mu 1981. Koma mwa achinyamata omwe tidacheza nawo ku Ng'ombe padalibe yemwe adagwirapo limodzi la mabukuwa.

Vuto lalikulu la ndime ili pamwambayi lili pena. M'mizere inayi mulibe chinthu chomwe diso lingaone kapena dzanja lingakhudze. Moyo, anthu, chikondi, dziko: mawu onsewa ndi aakulu kwambiri moti sanyamula kanthu. Ndime yomweyi ikhoza kulembedwa ku Ndirande, ku Tete kapena ku Mbare osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Titamufunsa mnyamatayo chomwe chidamuvuta tsiku lomwe adalemba, adatiuza kuti mwini nyumba adazula chitseko cha chipinda chawo chifukwa cha lendi ya miyezi iwiri, ndipo amayi ake adapachika chitenje pakhomo. Chitenje chimenecho ndicho chidayenera kulowa m'ndakatulo.

Mudzi Wobwereka

Gulu lachiwiri la ndakatulo ndi la olemba za kumudzi. Muli mitondo, mwezi wowala pabwalo, nkhokwe zodzaza ndi agogo okamba nthano. Chichewa chake ndi choyera, cha m'mabuku a sukulu, ndipo aphunzitsi amapereka malikisi ambiri pa ndakatulo zotere. Chodabwitsa n'chakuti olemba ake ambiri adabadwira ku Lusaka, ndipo ena sadafikepo ku Katete kapena ku Chadiza komwe makolo awo adachokera. Ufa amaudziwa wa m'thumba la kugolosale, kapena wa kapaketi kakang'ono komwe m'komboni amati pamela.

Sitikunena kuti mlakatuli azilemba zokhazo zomwe adaziona ndi maso. Kulakalaka mudzi womwe sunauonepo ndi mutu wabwino kwambiri wa ndakatulo, ukalembedwa monga kulakalaka, mlakatuli atavomera kuti waima pa fumbi la Ng'ombe ndipo mudziwo amangoumva m'kamwa mwa amayi ake. Cholakwika ndi kunamizira kukumbuka. Womvera wodziwa mtondo amazindikira msanga, chifukwa wonamizirayo sadziwa kuti munsi umatupitsa matuza m'manja, ndiponso kuti nyimbo za pamtondo sizidali zotamanda mudzi. Zidali madandaulo a amayi pa amuna awo, apongozi awo ndi akazi anzawo a pamitala, oyimbidwa mokweza kuti wonenedwayo amve ali pakhonde. Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la Power and the Praise Poem la mu 1991, adaonetsa kuti m'chigawo chino cha Africa nyimbo idali ndi chilolezo chonena zomwe pakamwa wamba sipakadatha kunena. Yemwe wabwereka mtondo ngati chokongoletsera wasiya mbola yake kumbuyo.

Chigayo chitalanda ntchito ya mtondo, luso limeneli silidafe. M'makomboni limamveka m'nyimbo za alangizi pophunzitsa namwali wokwatiwa, m'nyimbo za usiku panyumba ya maliro, m'mawu olembedwa kumbuyo kwa maminibasi, ngakhale m'kukuwa kwa anyamata oitanira anthu ku Kulima Tower. Oyimba adalizindikira kale. Alick Nkhata, yemwe adagwira ntchito pa wayilesi ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka ndipo adaphedwa mu 1978, adayimba za moyo wa m'tauni m'ziyankhulo za anthu ake. Paul Ngozi, yemwe adamwalira mu 1989, adayimba m'Chinyanja cha m'misewu ya Lusaka popanda kupepesa. Ndakatulo yolembedwa ndiyo idatsalira m'mbuyo.

Chinyanja cha M'tauni

Tsopano tifike pa ndakatulo yomwe yatipatsa mutu wa nkhani ino. Adailemba ndi mtsikana wina wa sukulu ya sekondale:

Folo koloko, mdima bii,
vigubu vili pa laini, veka.
Bene bake bakali gone.
Changa chili namba twente.
Manzi yanabwela mailo.
Manzi yazabwela mailo.
Lelo chigubu chimwa mphepo.

Ataipereka kusukulu, idabwerako yofiira ndi inki. Vigubu adakonza kukhala zigubu, manzi kukhala madzi, bene bake kukhala eni ake, ndipo mailo woyamba adasanduka dzulo, wachiwiri mawa. Mphunzitsiyo adachita zomwe silabasi imafuna, ndipo sitikumuweruza. Koma tiyeni tione chomwe chidatayika.

Liwu lakuti mailo, lomwe Chinyanja cha Lusaka chimagawana ndi Chibemba, limatanthauza dzulo komanso mawa. Chomwe chimasiyanitsa ndi nthawi ya mneni basi. Mtsikanayu waika mizere iwiri yofanana ndendende kupatula phatikizo limodzi, -na- ndi -za-, ndipo potero waonetsa kuti kwa wodikira madzi pampopi, dzulo ndi mawa ndi tsiku limodzi, tsiku lomwe si lero. Lonjezo ndi chikumbukiro zavala malaya amodzi. Mukaika dzulo ndi mawa, mizereyo imasanduka uthenga wa pa bolodi la kampani ya madzi. Apa chiyankhulo cha m'tauni chapereka chida chomwe Chichewa cha m'mabuku chilibe, ndipo mlakatuli wachigwiritsa ntchito pamalo pake.

Taonaninso mzere wachiwiri. Vigubu vili, veka: m'gwirizanitsi vi- wabwerezedwa katatu, ndipo khutu likumva ngati zigubuzo zandanda. Uku ndiko kufanana kwa mawu komwe chiyankhulo chathu chidabadwa nako. Kumakhala kumayambiriro kwa mawu, chifukwa dzina limakoka aneni ndi afotokozi ake kuti avale chizindikiro cha gulu lake. Mlakatuli wa khutu amasankha dzina podziwa kuti likoka mzere wonse. Mzere wachitatu wachita chimodzimodzi ndi ba-, ndipo kusintha kuchoka pa vi- kupita pa ba- kwalekanitsa zinthu zomwe zili maso ndi anthu omwe ali m'tulo. Aliyense wokhala m'komboni akudziwa mwambo wosiya chigubu pamzere kuti chikusungire malo. Mtsikanayu sadaufotokoze mwambowo. Wangoonetsa zigubu zikudikira m'malo mwa eni ake, ndipo pofika mzere womaliza tavomera kale kuti chigubu chili ndi moyo, chikhoza kumwa. Chiwiya chomwe ntchito yake ndi kumwetsa anthu chikumwa chokha, ndipo chikumwa mphepo.

Mvekero wakuti bii nawo wagwira ntchito. Mivekero ndi chuma chomwe Chingerezi chilibe pa mlingo wathu, koma alembi ophunzira amaiopa poganiza kuti ndi ya ana kapena ya kumudzi. Ena amaithira paliponse ngati mchere wa wophika wosadziwa. Pano ulipo umodzi wokha, pamzere woyamba, ndipo watseka kuwala konse kuti zotsatirazo tizione mumdima.

Nanga folo koloko ndi namba twente? Ena mwa anzathu m'dipatimenti adadandaula nazo. Ife tikuona kuti palibe munthu ku Ng'ombe amene amawerenga malo ake pamzere ndi mawu akuti makumi awiri, ndipo ndakatulo ikadatero bwenzi itanama. Komabe pano mpofunika kusamala, chifukwa m'makope omwewo tidapezamo ndakatulo zambiri zachikondi zodzaza ndi mawu a Chingerezi omwe sakugwira ntchito ina koma kuonetsa kuti wolembayo ndi wa m'tauni. Kumeneko ndi kudzionetsera, kofanana ndi kwa uja wobwereka mtondo. Muyeso wake ndi umodzi pa liwu lililonse, la Chichewa, la Chibemba, la Chinsenga kapena la Chingerezi: mukalichotsa n'kuikapo lina, kodi chilipo chomwe chafa? Pa mailo chilipo. Pa mawu ambiri a m'ndakatulo zachikondi zija palibe.

Mubanga Kashoki adafotokoza Chibemba cha m'tauni mu 1972 monga chiyankhulo chokhala ndi dongosolo lake, pa nthawi yomwe ambiri ankachiyesa Chibemba chowonongeka. Chinyanja cha Lusaka chikufunika ulemu womwewo kuchokera kwa ofufuza za ndakatulo. Mayina enieniwo a makomboni akusonyeza kusakanizika kumeneku: Mtendere ndi Chinyanja, Chibolya ndi liwu la Chibemba lotanthauza bwinja, George ndi John Laing ndi mayina a azungu. Mwana wokulira pakati pa mayina otere sangakhale ndi lilime limodzi.

Zosanenedwa

Ndakatulo yachiwiri yomwe tikufuna kuiona ndi ya mnyamata wogulitsa makala. Idalembedwa pambuyo pa mliri wa kolera wa 2023 mpaka 2024, pomwe bwalo la masewero la National Heroes lidasandutsidwa chipatala, sukulu zidachedwa kutsegulidwa, ndipo malamulo a zaumoyo adaletsa kusonkhana pa maliro a anthu ofa ndi matendawa.

Mbaula tinabweleka zitatu,
malasha tinagula saka.
Mipando tinatulutsa panja.
Sikunabwele muntu.
Malasha yakali mu saka.

Mulibe liwu lakuti imfa, maliro, misozi kapena kolera. Sitikuuzidwa yemwe wamwalira. Koma munthu wa ku Lusaka akamva za mipando yotulutsidwa panja ndi mbaula zobwereka amadziwa nthawi yomweyo kuti pakhomopo pagwa zovuta, chifukwa ndi momwe nyumba ya maliro imakonzedwera: amayi m'nyumba pamphasa, abambo panja mozungulira moto usiku wonse. Mlakatuli wadalira zomwe womvera akudziwa kale, ndipo wamusiyira ntchito yolira. Mizere itatu yoyamba yayamba ndi chinthu, mneni n'kutsatira, ngati munthu akuwerengera zomwe adakonza. Wachinayi wathyola dongosololo ndi si- wokana. Wachisanu wabwerera ku makala, ndipo nthawi yasintha kuchoka pa zakale kufika pa lero: thumba likadali lomanga. Kwa wogulitsa makala, yemwe amadziwa mtengo wa thumba lililonse, makala osayatsidwa pa maliro ndi chipongwe chachikulu chomwe matendawa adachitira banja lake.

Tili ndi dandaulo limodzi. Liwu lakuti zitatu silikulemera mofanana ndi ena. Likadakhala ziwiri kapena zinayi palibe chikadasintha. Titamuuza, iye adayankha kuti zidali zitatu. Yankho limeneli ndi la mboni, ndipo tidalilandira, ngakhale kuti ndakatulo si bwalo la milandu.

Luso losiya zina osanena lili ndi mbali inanso, ya chitetezo. Makolo adatisiyira zining'a ndi mikuluwiko kuti mfumu idzudzulidwe popanda wodzudzulayo kutaya mutu. Jack Mapanje adatcha buku lake la mu 1981 Of Chameleons and Gods, ndipo ngakhale adabisa mawu ake monga bilimankhwe, adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ku Zambia, woyimba Fumba Chama, wodziwika kuti Pilato, adamangidwa mu 2015 chifukwa cha nyimbo yonyodola mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo. Achinyamata a ku Ng'ombe nkhani ya Pilato amaidziwa bwino, ndipo ena amaganiza kuti kulimba mtima ndiko kutchula dzina la munthu ndi kumutukwana. Kulimba mtima n'kofunika, koma chitonzo chotchula dzina chimatha ntchito mwini dzinayo akachoka pampando, pomwe chining'a chabwino chimapeza mwini wake watsopano chaka chilichonse.

Khutu ndi Lumo

Chichewa ndi chiyankhulo cha kakwezedwe ndi katsitsidwe ka liwu, ndipo phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo limatalika. Zinthu ziwirizi sizilembedwa papepala, motero mlakatuli yemwe sawerenga ndakatulo yake mokweza ali ngati wosema ng'oma amene sadaiombepo. Mayi wina wogulitsa ndiwo, yemwe amabwera kudzamvera anawo akamalakatula, adanena mzere uwu moseka: kale tinali kukwela mtengo, lelo mtengo ukwela weka. Papepala mtengo ndi liwu limodzi. M'kamwa ndi mawu awiri, wa m'nkhalango ndi wa pamsika, osiyana kamvekedwe. Achikulire omwe adaona zipolowe za mu June 1990, pomwe kukwera kwa mtengo wa ufa kudautsa Lusaka yense, sadaseke nawo kwambiri. Mayiyo sadziwa kuti adapeka ndakatulo, ndipo mzere wakewo udaposa masamba ambiri a m'makope aja.

Chomaliza ndi lumo. Ndakatulo ya chigubu ija, momwe idafikira kwa ife, idali ndi mizere ina iwiri kumapeto, yopempha boma kuti lithandize anthu a ku Ng'ombe chifukwa avutika. Tidamulangiza mtsikanayo kuti aidule, popeza chigubu chakumwa mphepo chanena kale zonsezo, ndipo pempholo likungobweza womvera kuchoka pampopi kupita ku msonkhano wa ndale. Iye adakana. Adati: “Aphunzitsi, imwe muli na manzi mu nyumba. Ine nifuna bakansala bamvele.” Mawu amenewa adatiluma, chifukwa ndi oona, ndipo wotsutsa ndakatulo wokhala kumayadi ayenera kusamala polamula wa m'komboni kuti achepetse kukuwa.

Tidagwirizana kuti awerenge mitundu yonse iwiri pamaso pa anzake. Atawerenga wautali, anthu adaomba m'manja monga amachitira nthawi zonse. Atawerenga waufupi, padakhala chete kwa kanthawi, kenaka mayi wogulitsa ndiwo uja adati abwereze. Mtsikanayo sadagonje kwathunthu. Wautaliwo adausunga kuti akauwerenge pa msonkhano wa m'wadi akadzabwera akuluakulu a madzi, ndipo waufupiwo adatilola kuti tiusindikize muno, ndi vigubu vake ndi mailo wake monga adalembera poyamba inki yofiira isanadutsepo.